Mphekesera

Mphekesera ndi nkhani yoyenda popanda mwini wake. Ukafunsa kuti wanena ndani, yankho limakhala lakuti "akuti". Imasiyana ndi bodza, chifukwa nthawi zina imadzapezeka kuti inali yoona. Imasiyananso ndi miseche, yomwe imalasa munthu mmodzi iye kulibe. Mphekesera imagwira mudzi wonse.

Pachipata cha Mchinji ndi Mwami mawuwa timawadziwa bwino. Nkhani imachoka ku Chipata m'mawa ndi madalaivala a mathiraki kapena osintha ndalama, dzuwa lisanafike paliwombo ili kale pa boma la Mchinji. Lero siidikiranso galimoto, imadutsa pa WhatsApp popanda woifunsa chiphaso.

Ndipo imapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Mu 2020 ku Zambia anthu enanso anaphedwa ndi magulu a anthu olusa powaganizira kuti amapopera mankhwala m'nyumba usiku.

N'chifukwa chake ndimalakalaka mphunzitsi wa Chichewa kusekondale atamakhalitsa pa mawu amenewa. Alembe "akuti" pabolodi, ana a Fomu 3 asake mwini wake. Pa uthenga wa pafoni afunse: wajambula mawuwa ndani? Liti? Chithunzichi n'cha kuno, kapena n'chakale cha dziko lina? Kodi wailesi ya Mudzi Wathu kapena Breeze FM ya ku Chipata yaulutsa? Ana amenewa ndi amene amawerengera agogo awo mauthenga a pafoni, ndipo agogo amakhulupirira zimene mdzukulu wa kusekondale wawerenga.