Chilolezo

Mawu akuti chilolezo amachokera ku mneni woti kulola. Tinazolowera kuwamva pa nkhani ya galimoto kapena malonda, pomwe wolola ndi boma. Pa kafukufuku wa m'mayunivesite zinthu zimatembenuka: wolola ndi munthu wamba amene akufunsidwa mafunso kapena kutengedwa magazi, ndipo wopempha ndi wophunzira wochita kafukufukuyo.

Chidindo cha chala pansi pa fomu sichikwanira. Mayi amene wadinda chifukwa choopa dokotala wovala zoyera sanalole ayi, wangogonja. Chilolezo chenicheni chimabwera munthu atamufotokozera m'chilankhulo chake cholinga cha kafukufukuyo ndi zoopsa zake, komanso kuti akhoza kukana, kapena kusiyira panjira, popanda kumanidwa chithandizo.

Ku Tuskegee m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko sanauzidwe dzina la matenda awo, ndipo penicillin atapezeka anawamana dala kuti aone mmene matendawo amamalizira munthu. Nkhanza zoterezi n'zimene zinachititsa kuti ofufuza azidutsa kaye m'maphunziro a chilolezo asanakhudze munthu aliyense. Aphunzitsi a m'mayunivesite, wophunzira amene sanadutsemo musamupatse fomuyo kuti apite nayo kumudzi.