Cisankho ca 1961 ndi Anthu Odziwa Kuwerenga

M'masiku a ulamuliro wa Angerezi, malamulo a dziko la Nyasaland anali kupangidwa ku Zomba, m'bwalo lochedwa Legislative Council. Kufikira caka ca 1949 munalibe munthu wakuda m'bwalomo. M'caka ca 1956 munalowa anthu akuda asanu, ena mwa iwo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, koma amene anawasankha ndiwo mabwalo a zigawo. Munthu wamba wa kumudzi analibe mau.

Pa nthawi imeneyo mitima ya anthu inali yowawa cifukwa ca Citaganya, cimene cinamanga pamodzi dziko lino ndi maiko awiri a Rhodesia m'caka ca 1953. Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwera pa 6 July 1958 kudzatsogolera Nyasaland African Congress. Pa 3 March 1959 Boma linaletsa Congress, ndipo anthu oposa 1,000 anamangidwa, Dr. Banda anatsekeredwa ku Gwelo. M'September caka comweco Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party, ndipo mnyamata Aleke Banda anayamba kutulutsa nyuzipepala ya Malawi News. Anthu odziwa kuwerenga anali kuwerengera anzao nyuzipepalayo, motero nkhani za dziko zinafika ngakhale kwa iwo amene sanapondeko kusukulu.

Dr. Banda atamasulidwa pa 1 April 1960, kunacitika msonkhano ku Lancaster House, mu mzinda wa London. Kumeneko anapangana kuti m'bwalo muja mukhale mipando 28 ya anthu osankhidwa. Osankha anagawidwa m'makaundula awiri. Kaundula wapamwamba, wa anthu acuma ndi ophunzira kwambiri, anapatsidwa mipando 8. Kaundula wam'munsi anapatsidwa mipando 20.

Ngakhale kaundula wam'munsi sanali wa munthu aliyense. Anyakwawa, alimi odziwika ndi Boma ndi asilikari opuma analoledwa kulembetsa. Munthu wolandira mapaundi 120 pa caka analoledwanso, akadziwa Cingerezi. Koma khomo limene ambiri analowerapo linali ili: kukhala atakhoma msonkho zaka khumi, ndi kudziwa kuwerenga ndi kulemba cinenero cake. Tsono amuna awiri a m'mudzi umodzi, okhoma msonkho wofanana, anasiyana pa cinthu cimodzi: wina analemba dzina lace nalowa, mnzake anatsala kunja. Akazi olembetsa anali owerengeka, pakuti msonkho unali wa amuna.

Anthu a cipani anayenda m'midzi kufotokoza za kulembetsa ndi za kaponyedwe ka voti, popeza ambiri anali asanaonepo bokosi la cisankho. Pa kaundula wam'munsi panalembedwa anthu oposa 100,000, ndipo pa wapamwamba oposa 4,000, m'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni atatu.

Tsiku la cisankho linali 15 August 1961. Mwa anthu 100 alionse olembetsa, pafupifupi 95 anakaponya voti. Malawi Congress Party inatenga mipando 22, United Federal Party, imene inali kufuna Citaganya, inatenga mipando 5, ndipo mpando umodzi unapita kwa Colin Cameron, amene anaima payekha. Pamenepo Boma la ku London linaona poyera cimene anthu anafuna. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu ndi dzina lakuti Malawi.

Koma mbiriyi iri ndi mbali yina yosakondweretsa. Anthu a zipani zina anali kuopsezedwa, kotero kuti kufunsa funso kapena kumvera mau a mbali yina kunayamba kuoneka ngati mlandu. M'caka ca 1964 kaundula anatsegulidwa kwa akulu onse, amuna ndi akazi, koma voti sinaponyedwe, cifukwa oimira onse analibe opikisana nao. M'caka ca 1966 lamulo linalola cipani cimodzi cokha. Panapita zaka zambiri kufikira pa 14 June 1993, pamene anthu anafunsidwa kusankha pakati pa tambala ndi nyali, ndipo ambiri anasankha nyali, cizindikiro ca zipani zambiri. Cisankho ca zipani zambiri cinacitika pa 17 May 1994.

Lero nzika ya zaka 18 sifunsidwa ciphaso ca msonkho kapena luso la kulemba kuti ilembetse. Komabe nchito ya kuwerenga sinathe. Wodziwa kuwerenga angathe kuona yekha ngati dzina lake lalembedwa bwino m'kaundula, kuwerenga malonjezo a oimira onse, ndi kuwafunsa pa msonkhano zimene sanamvetse. Angathenso kuwerengera mnansi wake, monga anacitira anthu a 1961. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo zaka za cipani cimodzi zinaonetsa kuti mwambiwu ukhudza dziko lonse monga ukhudzira munthu mmodzi.