Dzina la Hana: Tanthauzo Lake ndi Kumene Linacokela

Hana ndi dzina la Ciheberi la mwana wamkazi. Ayuda amalichula "Channah", ndi liu loyamba lotulukila kummelo. Licokela ku mau akuti "chanan", amene atanthauza kukomela munthu mtima kapena kumucitila cifundo. Conco Hana ndiye kuti cisomo, ndipo kholo limene lacha mwana wake Cisomo lakamba zofanana ndi limene lamucha Hana. Maina a Yohane, Yoana ndi Hananiya amacokela ku mau omwewo, koma awa aphatikizidwa ndi dzina la Mulungu ndipo atanthauza kuti Yehova wacita cisomo.

Hana woyamba kudziwika ali mu 1 Samueli, mutu 1 ndi 2. Anali mkazi wa Elikana wa ku Rama, kudela la mapili a Efraimu. Analibe mwana, ndipo mkazi mnzake Penina anali kumusautsa caka ndi caka. Ku Silo anapemphela camumtima, milomo yokha ikugwedela, cakuti wansembe Eli anamuyesa woledzela. Atabala Samueli ndi kumuletsa kuyamwa, anamupeleka ku nyumba ya Mulungu monga analonjezela. Pambuyo pake anabalanso ana aamuna 3 ndi aakazi 2. Tione kuti dzinali anali nalo kale pa zaka zonse zimene anali kunyozedwa. Mpingo uzikumbukila zimenezi pocita ndi azimai amene akali kuyembekeza mphatso ya mwana.

Ayuda amamulemekeza kwambili. Buku lao la Talmud limamuwelenga pakati pa aneneli aakazi 7, pamodzi ndi Sara, Miriamu, Debora, Abigayeli, Hulida ndi Estere. Arabi anatengela kwa iye malamulo a pemphelo la kacetecete, ndipo nkhani yake imawelengedwa m'masunagoge pa tsiku loyamba la Rosh Hashanah, caka catsopano ca Ayuda. Mwana wamkazi nthawi zambili amapatsidwa dzina m'sunagoge pa tsiku lowelenga Torah. Ayuda ocokela ku Ulaya wa kum'mawa amakonda kucha mwana dzina la m'bale amene anamwalila, pamene a Cisefadi amachanso la agogo amene akali moyo.

Pamene Malemba anamasulilidwa m'Cigiriki, dzinali linalembedwa kuti Anna. Ndiye cifukwa cake pa Luka 2:36-38 tipeza Anna mwana wa Fanueli, wa fuko la Aseri, mneneli wamasiye wokalamba amene anaona Yesu ali khanda m'Kacisi. Zoti amake a Mariya anali Anna sizili m'Baibulo, zinacokela m'buku lina la m'zaka za m'ma 100 AD. Kwa Anna ndiye kunacokela maina monga Anne, Annie, Anita ndi Nancy.

Ku England, dzina la Hannah linafala pambuyo pa Kukonzanso kwa Mpingo, pamene Apulotesitanti anayamba kukonda maina a m'Cipangano Cakale. Ayuda ochuka a dzinali ndi monga Hannah Arendt (1906-1975), wolemba za ndale wobadwila ku Germany, ndi Hannah Szenes, wolemba ndakatulo amene anaphedwa ku Budapest mu 1944 atapita kukathandiza Ayuda anzake pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse.

Makolo ofuna kucha mwana Hana, Anna kapena Anita adziwe kuti ndi dzina limodzi. Mwanayo akakula, mumufotokozele tanthauzo lake.