Tsiku Limene Mfumu Imagwira Tsache: Mbiri ya Chikondwerero cha Magaleta ku Puri

Kum'mawa kwa dziko la India, m'chigawo cha Odisha, muli mzinda wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Puri. Pakati pa mzindawo paima kachisi wa Ahindu womangidwira mulungu wawo Jagannath, dzina limene litanthauza mbuye wa dziko lonse. Zikondwerero pakachisiyu n'zambiri, koma chimene chimagwedeza dziko ndi Ratha Yatra, ndiko kuti ulendo wa magaleta, umene umachitika mu Juni kapena mu Julayi, mvula itangoyamba kumeneko. Masiku onse a chaka munthu ndiye amapita kwa mulunguyu, ndipo si aliyense amene amaloledwa kulowa pachipata. Patsiku la magaleta mulungu ndiye amatuluka kudzayenda mumsewu, pamene aliyense angathe kumuona, ndipo mfumu imayamba yagwira tsache galeta lisanasunthe. Zinthu ziwirizi, chipata chotseka ndi tsache la mfumu, ndizo zasenza mbiri ya chikondwererochi kwa zaka mazanamazana.

Kachisi amene alipo lero anayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1100 ndi Anantavarman Chodaganga, mfumu ya banja la Ganga imene inagonjetsa dera limeneli. Nsanja yake ndi yotalika mamita pafupifupi 65. M'katimo amasungamo zifanizo za milungu itatu yapachibale: Jagannath, mkulu wake Balabhadra, ndi mlongo wawo Subhadra. M'akachisi ambiri a Ahindu zifanizo zimakhala zamwala kapena zachitsulo, zosemedwa mwaluso ngati munthu weniweni. Izi za ku Puri n'zamtengo wa nimu, mitu yaikulu, maso ozungulira otong'oka, mikono yoduka ndiponso zopanda miyendo. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati maonekedwe amenewa akusonyeza kuti Jagannath anayamba kupembedzedwa ndi Asabara, anthu a m'nkhalango, ansembe achibrahmana asanamutenge n'kumuyesa Vishnu kapena Krishna. Umboni wina ulipo mpaka lero. Pakati pa atumiki a pakachisi pali gulu lotchedwa Daitapati, limene limati linachokera kwa Asabara, ndipo limadziyesa abale ake a mulunguyo.

Poti mtengo umafumbwa, zifanizozi sizikhala mpaka kalekale. Chaka chimene mwezi wa Ashadha wabwera kawiri pakalendala ya Ahindu, amatha kusema zatsopano pamwambo wa Nabakalebara, kutanthauza thupi latsopano. Zinatero mu 1977, mu 1996 ndi mu 2015. Usiku, nyali zitazimitsidwa, atumiki omangidwa m'maso amachotsa chinthu chopatulika chimene chimakhala m'kati mwa chifanizo chakale n'kuchiika m'chatsopano. Chakalecho amachikwirira m'bwalo la kachisi, ndipo a Daitapati amakhala pamaliro monga achitira anthu amene ataya mbale wawo.

Chimene chinamangiriza kachisiyu ku ufumu chinachitika mu 1230. Mfumu Anangabhima III inalengeza kuti dziko lonse ndi la mulungu wa ku Puri, ndipo iyo ndi kapitawo chabe wolamulira m'malo mwake. Tisafulumire kuona kudzichepetsa kokha pamenepa. Munali nzeru za ndale, pakuti wogalukira mfumu tsopano anasanduka wogalukira mulungu. Komabe mawu akatuluka sabwerera. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna kulamulira Odisha anayenera kuoneka ngati mtumiki wa Jagannath pamaso pa anthu, ndipo malo oonekerawo anali chikondwerero cha magaleta.

Mwambowu umayamba kutali. Patsiku la Akshaya Tritiya, cha mu Epulo kapena Meyi, amisiri a matabwa amene ntchitoyi anaisiyiridwa ndi makolo awo amayamba kupanga magaleta atatu, ndipo chaka chilichonse amapanga atsopano. Mwezi wa Jyeshtha ukakhwima, milungu ija amaitulutsira pansanja n'kuisambitsa ndi mitsuko 108 ya madzi. Ikatero amati yadwala malungo. Kwa masabata awiri imabindikira m'chipinda, osaonedwa ndi wina aliyense kupatula a Daitapati, amene amaipatsa mankhwala azitsamba ndi zipatso monga achitira ndi wodwala pakhomo. Kunena zoona, iyi ndi nthawi imene amakonza zifanizo ndi kuzipaka utoto watsopano, koma wopembedza saona choncho. Kwa iye mbuye wake wadwala, wachira, ndipo tsopano akufuna kupita kokayenda.

Patsiku lachiwiri mwezi wa Ashadha utaoneka, atumiki amanyamula zifanizo zija kutuluka nazo pachipata cha Singhadwara, akuzigwedeza uku ndi uku pakati pa phokoso la malipenga ndi zinganga. Magaleta amakhala akudikira panja. La Jagannath, lotchedwa Nandighosha, lili ndi magudumu 16 ndipo limavekedwa nsalu zofiira ndi zachikasu. Kutalika kwake ndi mamita oposa 13. La Balabhadra, Taladhwaja, lili ndi magudumu 14, pamene la Subhadra, Darpadalana, lili ndi 12. Kenaka anthu zikwizikwi amagwira zingwe zikuluzikulu n'kukoka magaletawo mumsewu wa Bada Danda, mtunda wa makilomita atatu, mpaka kukachisi wa Gundicha kumene milunguyo imakagona masiku angapo.

Koma zingwe zisanakokedwe pamafika mfumu. Gajapati, mfumu ya ku Puri, amabwera atanyamulidwa pamachira, amakwera galeta lililonse, nasesa pansi ndi tsache la chigwiriro chagolide, n'kuwaza madzi onunkhira. Mwambowu umatchedwa Chhera Pahanra. Kuti timve kulemera kwake tiyenera kukumbukira kuti ku India anthu akhala akugawidwa m'magulu obadwa nawo, ndipo kusesa inali ntchito ya gulu lonyozeka koposa, anthu amene ena sankafuna ngakhale kuwakhudza. Ku Odisha kuli nthano yotchuka pankhaniyi. Amati mfumu ya ku Kanchi inakaniza mwana wake Padmavati kukwatiwa ndi Purushottama Deva, amene analamulira kuyambira 1467 mpaka 1497, ponena kuti singapereke mwana kwa wosesa. Purushottama anapita kunkhondo, nagwira mwaliyo, nalamula nduna yake kuti imukwatitse kwa wosesa weniweni. Ndunayo inadikira tsiku la magaleta, ndipo mfumu itawerama ndi tsache m'manja, inabweretsa Padmavati n'kumupereka kwa iyo. Iyi ndi nthano, koma ikutiuza mmene eni dziko amaonera tsachelo.

Kachisi wolumikizana chotere ndi ufumu sakanalephera kukopa adani. Mu 1568 Kalapahad, mkulu wa asilikali a Sulaiman Karrani wa ku Bengal, analowa mu Puri. Chaka chomwecho mfumu Mukunda Deva inaphedwa, ndipo zifanizo zinatengedwa n'kutenthedwa. Patapita zaka, Ramachandra Deva, amene anakhazikitsa ufumu waung'ono ku Khurda, anasemetsa zina n'kuyambitsanso mapemphero. Dziko lake linali lochepa poyerekeza ndi la mafumu akale, koma chifukwa chobwezeretsa Jagannath anthu anamulandira ngati Gajapati. M'zaka zotsatira, nkhondo ikamveka, atumiki ankathawitsa zifanizo kukazibisa, nthawi zina pazilumba za m'nyanja ya Chilika. Apa mpamene mulungu wamtengo anaposera wamwala: ankanyamulika.

Amaratha anatenga Odisha mu 1751, ndipo Angerezi a kampani ya East India anawalanda mu 1803. Asilikali a kampaniyo analangizidwa kuti asakhudze kachisi, chifukwa akuluakulu awo anadziwa kuti wokhumudwitsa Jagannath sangalamulire dzikolo mwamtendere. Mfumu ya ku Khurda itagalukira mu 1804 anailanda dziko, koma mu 1809 anaipatsa udindo woyang'anira kachisi. Inasanduka mfumu yopanda dziko, yotsala ndi tsache. Nawonso Angereziwo sanagwire ntchito yaulere. Kuyambira 1806 ankatolera msonkho kwa anthu odzapembedza, monga ankachitira olamulira a m'mbuyomo.

Msonkhowu unautsa mkangano ku Britain. Claudius Buchanan, m'busa wa kampaniyo, anaonerera chikondwererochi mu 1806, ndipo m'buku lake la mu 1811 anasimba za anthu odziponya pansi pa magudumu. Amishoni anafunsa kuti boma lachikhristu lingadye bwanji ndalama za chipembedzo chotere, ndipo mu 1840 msonkho unathetsedwa. Nkhani za magudumuzo zinamera mizu kotero kuti dzina la Jagannath linalowa m'Chingerezi ngati "juggernaut", kutanthauza chinthu champhamvu chopondereza chilichonse chimene chili panjira yake. Koma William Wilson Hunter, wogwira ntchito m'boma la atsamunda amene analemba buku lotchedwa Orissa mu 1872, atafufuza anapeza kuti odzipha anali owerengeka, ndipo ambiri ofera pamagudumu ankagwa mwangozi m'chipwirikiti. Chimene chinkapulula anthu chinali kolera, njala ndi kutopa, pakuti ankayenda pansi masabata ambiri m'nyengo yamvula n'kumagona mothithikana m'nyumba zauve. Imfa zimenezi sizinatchuke ngati zija za magudumu, mwina chifukwa sizinkakoma kusimba paguwa. Ngozi za m'khamu sizinathe: mu Juni 2025 anthu atatu anafa poponderezana pafupi ndi kachisi wa Gundicha.

Tibwerere kuchipata. Lamulo la pakachisi wa Puri ndi lakuti olowa akhale Ahindu okha, ndipo kale ngakhale Ahindu a magulu onyozeka ankatsekeredwa kunja. Mu 1984 Indira Gandhi, ali nduna yaikulu ya dziko lonse la India, anakanizidwa kulowa chifukwa anakwatiwa ndi Feroze Gandhi, amene anali wa chipembedzo cha Aparsi. Komatu kachisi yemweyo ali ndi khitchini imene chakudya chake, chophikidwa pankhuni m'miphika yadothi, chimatchedwa mahaprasad, ndipo mwambo umati anthu a magulu onse angadyere pamodzi popanda wodetsa mnzake. Kachisi mmodzi akukana ndi dzanja ili, akuitana ndi linalo. Ine ndiona kuti ulendo wa magaleta ndiwo umachititsa kuti mkangano umenewu upiririke, ngakhale suuthetsa. Masiku ochepa pachaka wotsekeredwa kunja amaona nkhope imene amamanidwa, koma magaleta akabwerera chipata chimakhala chomwe chija.

Palibe amene akuonetsa bwino zimenezi kuposa Salabega, mlakatuli wa m'zaka za m'ma 1600, amene bambo wake anali Msilamu. Sanaloledwe kulowa m'kachisi, komabe nyimbo zimene anapeka potamanda Jagannath zimaimbidwa ku Odisha mpaka lero. Anthu amasimba kuti chaka china anachedwa paulendo, ndipo galeta linakana kusuntha kufikira iye atafika. Manda ake ali m'mbali mwa Bada Danda, ndipo galeta la Nandighosha limaima pamenepo kanthawi chaka chilichonse.

India atalandira ufulu mu 1947, boma la chigawo linakhazikitsa lamulo la mu 1955 loika kachisi m'manja mwa komiti, koma Gajapati anakhalabe wapampando ndi mtumiki woyamba. Dibyasingha Deba analowa ufumuwu mu 1970. Chikondwererochi chinawolokanso nyanja: gulu la Hare Krishna linakoka galeta ku San Francisco mu 1967, ndipo pambuyo pake mwambowu unafika ku London ndi ku Durban.

Mayeso aakulu a masiku ano anadza mu 2020 ndi mliri wa Covid-19. Pa 18 Juni bwalo lalikulu la milandu ku India linaletsa ulendowo. Madandaulo atachuluka, bwalolo linasintha chigamulo pa 22 Juni, kutatsala tsiku limodzi, koma linalamula kuti anthu asatuluke m'nyumba ndiponso kuti galeta lililonse likokedwe ndi anthu osaposa 500 oyezedwa matendawo. Mfumu inasesa, magudumu anagubuduka, koma msewu unali mbee, ndipo khamu limene mulunguyo amatulukira linaonerera pawailesi yakanema. Zinateronso mu 2021.

Ulendo wobwerera umatchedwa Bahuda Yatra. Panjira galeta la Jagannath limaima pakachisi wa Mausi Maa, amene amamuyesa mayi wake wamng'ono, kuti alandire chikondamoyo cha mpunga chotchedwa poda pitha. Pofika pachipata milunguyo imavekedwa zokometsera zagolide ili pamagaleta pomwepo, anthu onse akuona. Chotsala ndi mlandu wa m'banja. Lakshmi, mkazi wa Jagannath, amakhala atakwiya chifukwa anasiyidwa pakhomo, ndipo masiku a ulendowo ali m'kati amapita usiku ku Gundicha kukathyola kachidutswa ka galeta la mwamuna wake. Tsono pobwera amamutsekera chitseko. Atumiki a mbali ziwirizi amayankhana m'malo mwa awiriwo, mpaka mwamunayo atapepesa ndi maswiti a mkaka otchedwa rasagola. Chitseko chikatseguka, Jagannath amabwerera pampando wake, ndipo amisiri amayamba kuphwasula magaleta.