Kudzala Maluwa m'Miphika kwa Anthu Otanganidwa

Ambiri a ife amene timakhala ku Chichiri, ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Chilomoni timachoka pakhomo m'mamawa ndi kubwerako dzuwa litalowa. Ena tili m'nyumba za lendi zopanda malo olima, kupatula pakhonde pokha. Timagula mbande kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, koma pakangotha mwezi zimafota, ndalama n'kulowa m'madzi. Tidziwe kuti moyo wa duwa la mumphika umadalira kwambiri zimene tachita pa tsiku lolidzala. Tikakonza bwino tsiku limenelo, ntchito yotsala ndi yochepa.

Mphika ndi dothi

Mphika uliwonse, kaya wadothi, chigubu chodula kapena ndowa yakutha, uyenera kubowoledwa pansi kuti madzi azituluka. Mizu imapuma mpweya, ndipo ikakhala m'madzi masiku angapo imaola. Mphika wadothi umauma msanga kuposa wapulasitiki, ndipo waung'ono umauma msanga kuposa waukulu. Choncho munthu wotanganidwa asankhe miphika ikuluikulu iwiri kapena itatu m'malo mwa timiphika khumi. Tisakanize magawo 2 a dothi lapamwamba, gawo 1 la manyowa owolerana ndi gawo 1 la mchenga wa kumtsinje. Manyowa aawisi amatentha mizu.

Maluwa opirira

Geranium, amene kwawo ndi ku South Africa, amakonda dzuwa ndipo amamera pongodzala kanthambi. Bougainvillea, wochokera ku South America, amachita maluwa ambiri akamalandira madzi ochepa. Kalanchoe wa ku Madagascar amasunga madzi m'masamba ake, motero amatha sabata yathunthu osathiriridwa. Vinca, wa ku Madagascar komweko, amapirira dzuwa la Okutobala. Pamthunzi, monga pazenera, pamayenera African violet, amene kwawo ndi mapiri a Usambara ku Tanzania. Ameneyu tizimuthirira m'dothi, osanyowetsa masamba.

Kuthirira

Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo kuyambira 2019 ena amachokera ku Likhubula ku Mulanje. Madzi obwera kutali chotere sitiyenera kuwawononga. Tisanathirire, tipise chala m'dothi. Ngati muli chinyontho, tidikire mawa. Ngati mwauma, tithire madzi mpaka atulukire pansi. Kuthirira mokwanira kawiri pa sabata kumaposa kuwaza timadzi tsiku ndi tsiku. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ndi abwino, koma a mchere kapena a sopo wochapira amawononga dothi. Kuphimbira dothi ndi udzu wouma kumasunga chinyezi.

Nyengo za chaka

Kuyambira Novembala mpaka Epulo kumagwa mvula, ndipo miphika yoikidwa pansi pa msomo wa denga imadzaza madzi, choncho tiisunthire pakhonde. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira, ndipo masiku a chiperoni dothi limachedwa kuuma. Apa tichepetse kuthirira. Mu Seputembala ndi Okutobala tisonkhanitse miphika pamalo amodzi pamene pamafika dzuwa la m'mawa, ndi kuithirira kusanatenthe. Tikamachoka pa ulendo wa masiku angapo, tiithirire mokwanira ndi kuiika pamthunzi.

Zoyenera kusamala

Tisasiye madzi m'mbale zoika pansi pa miphika, chifukwa udzudzu umaswana m'madzi osayenda. Maluwa ena, monga vinca, ndi akupha akadyedwa, motero akhale patali ndi ana aang'ono. Loweruka lililonse tipatule mphindi 15 zothothola maluwa ofota ndi kuyang'ana nsabwe kunsi kwa masamba. Tikazipeza zikadali zochepa, kuzitsuka ndi madzi kumakwanira.

Amene akungoyamba kumene ayambe ndi mphika umodzi wa geranium. Ukachita bwino, adzadula nthambi zodzala mumphika wachiwiri, zina n'kugawirako anansi.