Matayala ndi mawilo a GMC Motorhome

GMC Motorhome ndi galimoto yokhala ndi zipinda zogona, khitchini ndi bafa, imene kampani ya General Motors inkapanga mumzinda wa Pontiac, ku Michigan, m'dziko la United States, kuyambira mu 1973 mpaka mu 1978. Galimoto zonse zimene zinapangidwa zinalipo 12,921, ndipo zambiri zikuyendabe mpaka lero. Vuto lalikulu pa matayala a galimotozi ndi ukalamba. Zimakhala miyezi yambiri zitangoima, choncho labala amawonongeka mizere ya tayala isanathe. Vuto lina ndi lakuti malimu amene zinabwera nawo ndi a saizi imene matayala ake akusowa masiku ano.

Kapangidwe ka mawilo

Galimotoyi inkapangidwa ya mitundu iwiri, ina yotalika mamita 7 ndipo ina pafupifupi mamita 8. Ili ndi mawilo asanu ndi limodzi. Injini yake, imene inatengedwa ku galimoto ya Oldsmobile Toronado, imayendetsa mawilo awiri akutsogolo. Motero mawilo amenewa amakoka galimoto, amaikhotetsa, komanso amanyamula kulemera kwa injini.

Kumbuyo kuli mawilo anayi, awiri mbali iliyonse. Mawilowa saphatikizana ngati a lole, koma lina lili patsogolo pa linzake. Lililonse lili pa mkono wake wachitsulo, ndipo pakati pa mikono iwiriyo pali thumba la labala la mpweya limene limagwira ntchito ya sipuling'i. Tayala lakumbuyo likaphulika galimoto ikuthamanga, zidutswa zake zingathe kung'amba thumbali ndi kuswa thupi la galimoto, limene ndi la aluminiyamu ndi fiberglass.

Malimu a mainchesi 16.5

Kufakitale galimotoyi inkatuluka ndi malimu achitsulo a mainchesi 16.5 ndi matayala a saizi ya 8.75-16.5. M'zaka za m'ma 1970 saizi imeneyi inali yofala pa mapikiapu ndi mavani a ku America, koma pambuyo pake opanga magalimoto anasamukira ku malimu a mainchesi 16. Makampani amene akupangabe matayala a 16.5 ndi ochepa, ndipo munthu amene tayala lamuphulikira pa ulendo angavutike kupeza lina.

Malimu awiriwa amasiyananso kapangidwe. Malo amene mkombero wa tayala umakhala ndi opendekeka ndi madigiri 15 pa limu la 16.5, pamene pa limu la 16 ndi madigiri 5 okha. Limu la 16.5 nthawi zambiri lilibenso kamtumbira kamene kamagwira mkombero wa tayala mpweya ukachepa, choncho tayala lophwa limavuka msanga.

Eni ake ambiri amachotsa malimu akalewa n'kuika a aluminiyamu a mainchesi 16, makamaka a kampani ya Alcoa, pamodzi ndi matayala a LT225/75R16. Limu latsopano liyenera kukhala la mabowo asanu ndi atatu ogwirizana ndi mabawuti, bowo lapakati lokwana bwino, komanso malo okwanira mabuleki.

Kuika tayala la 16 pa limu la 16.5 n'koopsa kwambiri. Tayalalo limalowa ndithu pa limu, koma mkombero wake sukhazikika. Munthu akapitiriza kupopa, waya wa mumkombero umaduka ndipo tayala limaphulika mwamphamvu moti lingavulaze kapena kupha wopopayo. N'chifukwa chake saizi yodindidwa pa limu iyenera kuwerengedwa tayala lisanaikidwe.

Zaka za tayala

Labala amauma ndi kung'aluka chifukwa cha dzuwa, kutentha ndi mpweya wa ozoni. Muli mankhwala oteteza amene amafika pamwamba pa labala tayala likamagudubuzika, motero tayala longokhala limakalamba msanga kuposa loyenda. Tayala lotere lingaoneke latsopano, mizere yake ili yakuya, pamene nsalu ndi mawaya a m'kati ayamba kulekana ndi labala.

Tsiku limene tayala linapangidwa limadziwika ndi nambala ya m'mbali mwake yoyamba ndi zilembo za DOT. Kuyambira mu 2000, manambala anayi omaliza amasonyeza sabata ndi chaka. Mwachitsanzo, 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Ngati manambalawo ali atatu okha, ndiye kuti tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000 ndipo siliyenera kugwiritsidwanso ntchito. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likatha zaka zisanu pa ntchito liziyesedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likakwanitsa zaka 10 chipangidwireni lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Malangizowa amakhudzanso tayala lapadera.

Zizindikiro zina zofunika kusintha tayala ndi ming'alu ya m'mbali, zotupa, ndi mizere yotsala yosakwana mamilimita 1.6, umene ndi malire a lamulo m'zigawo zambiri za United States.

Katundu ndi mpweya

Matayala a magalimoto otere amalembedwa chilembo chosonyeza mphamvu yake. La gulu D limapopedwa mpaka 65 psi, ndipo la gulu E mpaka 80 psi. Tayala la LT225/75R16 la gulu E limanyamula makilogalamu 1,215 likakhala pa 80 psi. Nambala imeneyi ndi malire chabe. Mpweya woyenera umadziwika poyeza galimoto pa sikelo itanyamula madzi, mafuta, katundu ndi anthu, kenako n'kuyang'ana pa tebulo la kampani yopanga tayalalo. Ndi bwino kuyeza wilo lililonse palokha, popeza mipando ndi matanki zimachititsa kuti mbali ina ilemere kuposa inzake.

Mpweya umayezedwa matayala atazizira, ulendo usanayambe. Tayala la mpweya wochepa limapindika kwambiri m'mbali, limatentha, ndipo kutenthako n'kumene kumaliphulitsa. Mavavu amasinthidwa pamodzi ndi matayala, ndipo ayenera kukhala opirira mpweya wambiri.

Kusamalira mawilo

Limu lachitsulo lakale limayang'anidwa ngati lachita dzimbiri pamene tayala limakhala, ngati lapindika, kapena ngati lang'aluka pozungulira mabowo a mabawuti. Limu long'aluka siliwotchereredwa, limangotayidwa. Manati amamangidwa mopingasa ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo muyezo wa malimu achitsulo ndi wosiyana ndi wa aluminiyamu. Galimoto ikayenda makilomita pafupifupi 80 mpaka 160 chisinthireni wilo, manati amayesedwanso.

Ma bearing a mawilo akutsogolo amagwira ntchito yolemetsa, ndipo amafunika kuwaona ndi kuwapaka girisi pa makilomita pafupifupi 40,000 alionse. Kuwachotsa kumafuna chipangizo chapadera chokokera. Kumbuyo, mapini amene mikono ya mawilo imazungulirapo amafunanso girisi kawirikawiri. Akatha, mawilo amapendekeka ndipo matayala amadyeka mbali imodzi. Ponyamula kumbuyo kwa galimoto ndi jeke, mpweya wa m'thumba lija umayamba wachepetsedwa, ndipo munthu salowa pansi popanda zochirikiza zolimba.

Galimoto ikamaimikidwa nthawi yaitali, matayala amaphimbidwa kuti asawombedwe ndi dzuwa, amakhala pa matabwa kapena pa simenti youma osati pa dothi lonyowa, ndipo amasiyidwa ali ndi mpweya wokwanira.