Sitolo ya "kwa Mmwenye" yagwa, ndipo palibe amene anailemba

Tchuthi chapitachi nditafika kwathu kwa Kabudula, ndinapeza mulu wa njerwa pamalo pomwe panali sitolo imene tonse tinkangoitchula kuti "kwa Mmwenye". Mmwenyeyo ine sindinamuonepo, anachoka ndisanabadwe n'komwe, koma dzinalo linakakamira pa nyumbayo. Inali ya khonde lalitali la mizati ya njerwa, zitseko ziwiri zamatabwa zotsekera ndi chitsulo chopingasa, ndipo pamwamba pa khomo panali chaka cholembedwa ndi simenti chomwe laimu anachikwirira mpaka sichinkawerengekanso. Mwini malo watsopano akufuna kumangapo timashopu ta lendi. Sindikumuda, malowo anagula ndi ndalama zake. Chomwe chinandiwawa n'chakuti nyumbayo yapita popanda ngakhale chithunzi chimodzi.

Chinandiwawa kwambiri chifukwa temu yomweyo m'kalasi la mbiri tinkakambirana momwe dziko la England limasungira nyumba zakale. Kumeneko, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itagumula nyumba zambiri, lamulo la 1947 linalamula boma kuti lilembe m'kaundula nyumba zonse zokhala ndi mbiri. Nyumba ikalowa m'kaundulamo, mwini wake sangaigwetse kapena kusintha mawindo popanda chilolezo. Chodabwitsa n'chakuti zambiri mwa nyumbazo si za mafumu ayi. Pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zili m'gulu lotsika la Grade II, momwe mumapezeka nyumba za anthu wamba, masitolo ndi malo omwera mowa. Ku Lavenham, kamudzi ka m'chigawo cha Suffolk komwe kanalemera ndi malonda a nsalu za ubweya wa nkhosa m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, nyumba zoposa 300 zinalembedwa. Zinapulumuka chifukwa malondawo atagwa, anthu analibe ndalama zogwetsera n'kumanga zatsopano. Umphawi ndiwo unazisunga. Nditamva zimenezi ndinaganiza za kwathu, komwe umphawi womwewo wasunga masitolo akale mpaka lero, koma ndalama zikangopezeka timayambira kugwetsa.

Wina atha kufunsa kuti m'kasitolo ka kumudzi muli mbiri yanji. Yankho likuyambira pa fodya. M'zaka za m'ma 1920, azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace, anakhazikika m'boma la Lilongwe n'kuyamba kugawira alimi achikuda mbande za fodya wa chikopa, mogwirizana kuti akakolola awagulitse iwowo. Esiteti ya Barron ya Mbabzi imachokera nthawi imeneyo. Alimi anachuluka msanga moti mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwo ndi misika yake. Komwe kwagwa ndalama, wamalonda sachedwa. Amwenye anatsegula masitolo pafupi ndi misika ya fodya, kuti mlimi akalandira mashileni ake asapite nawo patali. Ndi momwe malo ambiri a malonda a m'chigawo chino anakulira: sikelo ya fodya mbali ino, mzere wa masitolo mbali inayo.

Agogo anga aamuna amakumbukira sitolo ija ili moyo. Amati mkati munkanunkhira palafini ndi sopo, ndipo kuseri kwa kauntala kunali mchere, makasu, mabulangete ndi mipukutu ya biriwita. Ukagula zambiri ankakupatsa basela, kaya singano kaya timaswiti. Pakhonde pankakhala atelala ndi makina awo a Singer, moti nsalu yogula m'mawa inkasanduka malaya dzuwa lisanalowe. Amene abwera ku Wenela kapena ku Halale ankafikira pomwepo kugula za kunyumba asanakaonekere kwa akazi awo. Koma agogo sabisanso zowawa zake. Wogula wachikuda nthawi zambiri sankaloledwa kugwiragwira katundu, ndipo ngongole zolembedwa m'buku zinkameza ndalama za fodya asanakololedwe. Khonde limenelo linali ndi zonse ziwiri, chisangalalo ndi chitonzo, ndipo zonsezo ndi mbiri yathu.

Kenako kunabwera ufulu. Mu 1968 kunayamba pulogalamu ya Lilongwe Land Development Programme, yothandizidwa ndi World Bank, yomwe inalambula misewu, kukumba mijigo ndi kumanga misika kumadzulo kwa Lilongwe. Mu 1971 bungwe la ADMARC linalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti amwenye achoke m'midzi, azikachitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, pofuna kuti Amalawi achikuda atenge malondawo. Masitolo anagulitsidwa. Ena mwa ogulawo zinawayendera, koma ambiri analibe mpamba wokwanira kudzaza mashelefu, ndipo katundu wankhaninkhani ankadalira kukapikula ku Chipiku. Sitolo ya kwathu ija inasinthana manja kangapo. Inakhalapo golosale, kenako malo oonetsera vidiyo, ndipo ine ndikukula inali mosungira soya ndi mtedza wa mavenda. Munthu atalemba mndandanda wa zomwe zinachitikira m'chipinda chimodzi chimenecho, akhala atalemba mbiri ya chuma cha Malawi kuchokera pa fodya wa chikopa mpaka pa soya.

Si kuti dziko lathu lilibe lamulo. Tili ndi Monuments and Relics Act ya 1990, ndipo pali nthambi ya boma yoyang'anira zinthu zakale. Koma taganizani nyumba zomwe timazitchula tikamanena za mbiri: Mandala House ya 1882 ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinatha kumangidwa mu 1891, Stone House ya ku Livingstonia. Zonsezi n'zoyenera kusungidwa, koma ndi nyumba za amishoni ndi makampani a azungu. Malo omwe mlimi wa kwa Kabudula anagulira khasu lake loyamba la kusitolo sitimawaona ngati mbiri. Ngakhale ife ophunzira timakonda kulemba za zomwe zili kale m'mabuku, chifukwa n'zosavuta kupeza umboni wake.

Sindikunena kuti titengere za ku England ndendende. Kuletsa munthu kugwetsa nyumba yomwe chiswe chadya mitanda yake, popanda kumupatsa ngakhale thumba la simenti, ndi kumulanga chifukwa cha mbiri yomwe siimudyetsa. Masitolo ambiriwa anamangidwa ndi njerwa zomatira dothi, ndipo denga likangodontha khoma silichedwa kutsatira. Ambiri adzagwa ndithu, ndipo ena akuyenera kugwa. Koma kulemba n'kosiyana ndi kuletsa, ndipo kulemba sikufuna bajeti ya unduna.

Aliyense wa ife ali ndi foni yojambula. Tchuthi chikubwerachi, amene kwanu ndi ku Nsaru, ku Nambuma, ku Mpingu kapena ku Namitete, yendani mzere wa masitolo akale kuyambira uku mpaka uko. Jambulani kutsogolo, khonde ndi zitseko. Funsani akuluakulu kuti anamanga ndani, munkagulitsidwa chiyani, anagula ndani amwenye atachoka. Lembani zomwe awiri kapena atatu agwirizana, ndipo pomwe atsutsana lembaninso kuti atsutsana. Amene mukufunafuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, nawu uli pakhomo panu. Anthu amene anagulako m'masitolowa amwenye adakalimo lero ndi okalamba, ndipo nyengo iliyonse ya dzinja timaika ena m'manda.

Ine ndayamba mochedwa. Ndinatenga agogo kupita nawo pa mulu wa njerwa uja, ndipo iwo anayenda pang'onopang'ono akuloza ndi ndodo. "Apa ndiye panali sikelo ya mchere. Apa atelala. Diresi la agogo ako aakazi la ukwati linasokedwa pamzati uwu." Ndinawafunsa chaka chomwe chinalembedwa pakhomo chija. Anaganiza kwa nthawi, kenako anati, "Iwe mdzukulu wanga, unkadutsa pano tsiku ndi tsiku popita kusukulu. Bwanji sunapale laimuyo n'kuwerenga wekha?"

Ndinalibe choyankha. Mzere womwewo patsala masitolo atatu a makonde, ndipo tsiku lotsatira ndinapitako ndi kope.